Kasitomala wa mawa aposa phindu la lero

Dzuwa lisanakwere pamsika wa Lizulu, m'mphepete mwa msewu wa M1 m'boma la Ntcheu, madengu a tomato amakhala atandandalikidwa kale. Mlimi waima pambali pa katundu wake, mayi wopikula wochokera m'tauni akusuzumira. Pamwamba pa dengu pali tomato wofiira bwino, wolimba. Zimene zili pansi mayiyo sangazione pokhapokha atakhuthula dengu lonse, ndipo galimoto siyingamudikire.

Mlimiyo naye ali ndi nkhawa yake. Mayiyo mpamba wamuperewera, ndiye akupempha kuti atenge madengu anayi, alipire atatu, ndalama ya dengu lotsalalo adzatumiza pafoni akagulitsa. Nanga akapita osatumiza?

Aliyense mwa awiriwa ali ndi mpata wobera mnzake, ndipo aliyense akudziwa kuti mnzakeyo naye ali nawo mpatawo. Mantha akawakulira, mayiyo agula dengu limodzi lokha, mlimi akana ngongole, tomato wotsala aolera padzuwa. Onse abwerera kwawo ndi zochepa.

Vuto limeneli si la ku Lizulu kokha. Akatswiri a masamu ndi a zachuma akhala akulifufuza kwa zaka zoposa 70 m'phunziro lotchedwa game theory, ndipo zomwe adapeza zingathandize wa geni aliyense amene amanenerera mtengo, kukongoza katundu kapena kukangana ndi mnzake wa pabenchi loyandikana.

Malonda ngati bawo

Wosewera bawo wodziwa sangotola nkhomo n'kuyamba kutaya. Amayamba wawerenga kuti akathera apa, mnzake adya pati. Game theory ndi masamu a kaganizidwe kotere: chimene munthu apindule chimadalira zochita zake komanso zimene winayo achite poyankha.

Phunziroli lidakhazikika m'chaka cha 1944 pomwe John von Neumann ndi Oskar Morgenstern adatulutsa buku lawo la Theory of Games and Economic Behavior. Koma malonda amasiyana ndi bawo pa chinthu chimodzi. Pabawo wina akapambana ndiye kuti winayo waluza. Pamalonda onse awiri atha kupindula, komanso onse awiri atha kuluza.

M'chaka cha 1950, Merrill Flood ndi Melvin Dresher a kubungwe lofufuza la RAND ku America adakonza sewero losonyeza zimenezi, ndipo katswiri wa masamu Albert Tucker adalifotokoza ngati nkhani ya akaidi awiri. Apolisi awatsekera m'zipinda zosiyana. Onse akakhala chete alandira chilango chochepa. Mmodzi akapereka mnzake, woperekayo atuluka, winayo alandira chilango chachikulu. Aliyense payekha amaona kuti kupereka mnzake ndiko kwanzeru, choncho onse amaperekana, n'kukhala m'ndende nthawi yaitali kusiyana ndi akadakhala chete.

Mlimi ndi mayi wopikula aja ali m'sewero lomwelo. Ngati akukumana kamodzi kokha, masamu amati kubera kumalipira. Funso ndi lakuti zimakhala bwanji ngati akumana sabata iliyonse.

Mpikisano wa makompyuta

Amene adayesa funsoli mwa njira yodziwika kwambiri ndi Robert Axelrod wa kuyunivesite ya Michigan. Iye adapempha akatswiri osiyanasiyana kuti aliyense alembe pulogalamu ya pakompyuta yokhala ndi njira yake yosewerera, kenako adawapikisanitsa mapulogalamuwo. Zotsatira zake zidatuluka m'chaka cha 1980.

Malamulo adali osavuta. Paulendo uliwonse pulogalamu imasankha kuchita chilungamo kapena kubera. Onse awiri akachita chilungamo, aliyense amapeza mapointi 3. Onse akabera, aliyense amapeza pointi 1. Mmodzi akabera mnzake wachilungamo, woberayo amapeza 5, woberedwayo 0. Mapulogalamu awiri amakumana maulendo 200 motsatizana, ndipo iliyonse imakumbukira zimene inzake idachita m'mbuyomo.

Mapulogalamu 14 adalowa mumpikisano woyamba. Ena adali aatali, odzaza ndi ukathyali. Koma idapambana ndi yaifupi kuposa onse, yotchedwa Tit for Tat, yomwe adatumiza ndi Anatol Rapoport wa kuyunivesite ya Toronto ku Canada. Malamulo ake adali awiri basi: ulendo woyamba chita chilungamo, kenako chita chimene mnzako wachita ulendo wapitawo. Idapeza mapointi pafupifupi 504 pasewero lililonse.

Axelrod adalengeza zotsatirazo n'kuitanitsa mpikisano wachiwiri. Ulendo uno mudalowa mapulogalamu 62 ochokera m'maiko 6, ndipo onse ankadziwa amene adapambana poyamba. Tit for Tat idapambananso.

Chodabwitsa n'chakuti pulogalamuyi siyingapose mnzake amene ikusewera naye. Imafanana naye kapena kutsalira pang'ono. Idapambana chifukwa kulikonse kumene yapita imakolola bwino limodzi ndi mnzakeyo, pomwe akathyali ankathera mapointi pobwezerana. M'buku lake la 1984, The Evolution of Cooperation, Axelrod adatchula makhalidwe amene adaipambanitsa, ndipo lililonse lili ndi chifanizo chake pamsika.

Osayamba kubera

Mumpikisano woyamba, mapulogalamu 8 amene adali pamwamba onse adali osayamba kubera mnzawo. Onse oyamba kubera adali m'munsi mwawo.

Pulogalamu ina yotchedwa Joss inkatsanzira Tit for Tat, koma inkabera mwakabisira pafupifupi kamodzi pa maulendo 10. Itakumana ndi Tit for Tat, kubera kumodzi kudayambitsa kubwezerana kosatha. Joss idathera pa mapointi 241, Tit for Tat pa 236. Joss idaposa mnzake ndi mapointi 5, koma akadachitirana chilungamo mpaka kumapeto aliyense akadapeza 600.

Joss wa pamsika ndi uja wa sikelo yofinya, wa chidebe chophwanyidwa pansi, wa thumba la makala lodzaza fumbi pakati. Sabera tsiku lililonse, ndipo amadziona ngati wochenjera.

Mwachitsanzo, mlimi amene wabisa tomato woola pansi pa madengu akhoza kupezapo K10 000 yowonjezera tsiku limenelo. Koma ngati mayi wopikula uja amamusiyira phindu la K6 000 ulendo uliwonse, kawiri pasabata, pamiyezi itatu ndi maulendo pafupifupi 24, kutanthauza K144 000. Mayiyo akasamukira kwa mlimi wina, K10 000 ija yadyetsa K144 000. Manambalawa ndi ongoyerekeza, koma wa geni aliyense akhoza kuikapo ake n'kuwerengera.

Kubwezera msanga, komanso kukhala ndi kwina kopita

Tit for Tat siyopusa. Ikaberedwa lero, mawa imabwezera. Mapulogalamu amene ankalekerera kwambiri ankadyeredwa masuku pamutu ndi akathyali.

Pageni, kubwezera sikutanthauza kuba kapena ndewu. Ndi kuchotsa mwayi umene munthu adapatsidwa. Kasitomala amene sadabweze ngongole ya shuga ndi sopo sakongozedwanso mpaka atalipira. Woodetsa amene wapereka belo la kaunjika losiyana ndi zimene adalonjeza amauzidwa tsiku lomwelo, ndipo oda yotsatira imachepa kapena imapita kwina. Kukhala chete kwa miyezi itatu kenako n'kupsa mtima tsiku limodzi sikuphunzitsa munthu kanthu, chifukwa sadziwa kuti walakwa liti.

Apa ndi pomwe pamalowa ntchito ya John Nash, yemwe adalandira mphoto ya Nobel ya zachuma m'chaka cha 1994. M'chaka cha 1950 iye adalemba za kunenerera, ndipo adasonyeza kuti gawo limene munthu amapeza pamgwirizano limadalira kwambiri chimene angatsale nacho zokambirana zikalephereka. Amene ali ndi pogwira pena amapeza zambiri.

N'chifukwa chake mtengo wa tomato kapena nsomba yaiwisi umagwa madzulo. Wogulitsa akakana, atsala ndi zoola, ndipo wogula akudziwa. Wogulitsa usipa wouma kapena nyemba amalimba pamtengo chifukwa katundu wake adikira mawa. Chimodzimodzi mayi amene amapikula kwa mlimi mmodzi yekha: akati asiya kugula, mlimiyo sachita mantha. Koma akakhala ndi manambala a foni a alimi atatu, ndipo wafunsiratu mitengo asanakwere galimoto, mawu ake amalemera.

Thomas Schelling, amene adalandira Nobel m'chaka cha 2005 pamodzi ndi Robert Aumann, adatsindika kuti kuopseza kumagwira ntchito pokhapokha winayo akukhulupirira kuti zichitikadi. Wogulitsa amene wati “mtengo wotsiriza ndi umenewu” kenako n'kuthamangira kasitomala kumuitana, waphunzitsa msika wonse kuti mtengo wake wotsiriza si wotsiriza.

Kukhululuka

Mwa mapulogalamu osayamba kubera aja, imodzi mwa amene adapeza mapointi ochepa kwambiri ndi yotchedwa Friedman. Iyo ikaberedwa kamodzi inkabwezera mpaka sewero litatha, osakhululuka. Tit for Tat imabwezera kamodzi, ndipo mnzake akabwerera ku chilungamo iyonso imabwerera.

Pali chifukwa china chokhululukira. Pamsika zinthu zimalakwika popanda wofuna. Tomato amaphwanyika mumsewu. Ndalama ya pafoni imapita kunambala yolakwika. Mwana wotumidwa amaiwala uthenga. Ngati anthu awiri onse amabwezera chilichonse osafunsa, kulakwitsa kumodzi kumabala mkangano wosatha: uyu wabwezera, uyo wabwezera kubwezerako, mpaka aliyense akulumbira kuti adayamba ndi mnzake.

Akatswiri awiri, Martin Nowak ndi Karl Sigmund, adasonyeza m'chaka cha 1992 kuti kumene kulakwitsa kotere kumachitika, njira imene nthawi zina imalekerera cholakwa osabwezera imachita bwino kuposa Tit for Tat yeniyeni.

Kwa wa geni, izi zikutanthauza kufunsa asanaweruze. Mayi amene wapeza tomato woola pansi pa dengu angaimbe foni n'kunena kuti, “Bambo, dengu la dzana lija pansi panali woola. Chidachitika n'chiyani?” Mlimi wachilungamo apepesa n'kuwonjezera katundu ulendo wotsatira. Wakuba akana kapena azimitsa foni. Yankho lakelo ndi limene limasonyeza ngati ayenera chikhululuko kapena chilango.

Kudziwika bwino, kupewa kaduka

Mapulogalamu ovuta kuwamvetsa sadachite bwino mumpikisano wa Axelrod, chifukwa anzawo sankadziwa chimene chingawasangalatse kapena kuwakwiyitsa. Tit for Tat inali yoonekeratu: ukaichitira bwino ikuchitira bwino.

Wogulitsa amene mtengo wake umasintha malinga ndi zovala za kasitomala, kapena amene lero akongoza mawa akana popanda chifukwa, amasokoneza anthu. Amene ali ndi lamulo lodziwika, monga ngongole yosapitirira sabata imodzi ndipo yolembedwa m'kope pamaso pa wokongolayo, amachepetsa mikangano isanayambe.

Axelrod adachenjezanso za kaduka. Funso lothandiza si lakuti “wapindula kwambiri ndani, ine kapena iye?” koma lakuti “ndapindula kuposa mmene ndikadapindulira kwina?” Mlimi amene wamva kuti mayi uja amagulitsa tomato wake kawiri mtengo m'tauni angapse mtima, kuiwala thiransipoti, tikiti ya msika ndi tomato wophwanyika panjira.

Komabe kufinya mnzako kuli ndi malire. M'chaka cha 1982 Werner Güth ndi anzake ku Germany adayesa sewero lina: munthu mmodzi amapatsidwa ndalama kuti agawane ndi mnzake, ndipo mnzakeyo akakana gawo lake onse awiri samalandira kanthu. Seweroli labwerezedwa m'maiko ambiri, ndipo kawirikawiri anthu amakana gawo lochepetsetsa ngakhale akudziwa kuti atsala chimanjamanja. Munthu amalolera kuluza kusiyana ndi kunyozedwa. Wopikula amene wagwetsa mtengo mpaka mlimi kulira chifukwa chakuti dzuwa lapendeka, wapambana tsikulo, koma tsiku limene tomato adzasowe adzakhala womaliza kugulitsidwa. Banyira imene wogulitsa amaponya pamulu ndi mbali ina ya nzeru yomweyi. Akuluakulu adati kupatsa n'kuika.

Ngakhale adani

Mphamvu ya kukumana mobwerezabwereza idaonekeranso kunkhondo. Pankhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, asilikali a Britain ndi France ankakhala m'maenje moyang'anizana ndi a Germany kwa nthawi yaitali. M'madera ena magulu awiriwa adayamba kulekererana popanda pangano lolembedwa: osaomberana nthawi ya chakudya, kapena kuombera dala malo opanda anthu. Mbali ina ikaphwanya, inayo inkabwezera, kenako bata n'kubwerera. Axelrod adafotokoza kuti izi zinkatheka chifukwa anali anthu omwewo amene ankayang'anizana tsiku ndi tsiku.

Ngati adani okhala ndi mfuti adatha kutero, mavenda awiri olimbirana malo kapena makasitomala angathenso. Nkhondo yotsitsirana mitengo ndi sewero la akaidi lija. Mmodzi akatsitsa mulu wa anyezi kuti alande makasitomala, mnzake atsitsanso, ndipo pakutha pa sabata onse agulitsa mofanana ndi kale koma phindu latha. Kupikisana ndi kwabwino, ndipo amene wapikula motchipa ali ndi ufulu wogulitsa motchipa. Choopsa ndi kugulitsa moluza n'cholinga chongopweteka mnzako amene mawa adzakhala pomwepo, ndipo ndiye angakuyang'anire benchi ukapita kumaliro.

Pamene mawa palibe

Zonsezi zimadalira chinthu chimodzi: kuti anthuwo akuyembekeza kukumananso. Mumpikisano woyamba aliyense ankadziwa kuti sewero lithera paulendo wa 200, zomwe zimapereka mpata wobera kumapeto. Mumpikisano wachiwiri Axelrod adakonza kuti pasakhale wodziwa pothera.

Apa pali chenjezo. Ngozi yaikulu ya ngongole ili paulendo womaliza: kumapeto kwa nyengo ya mbewu, pamene kasitomala akusamuka, pamene lendi yake kapena ntchito yake ikutha, kapena pamene geni yake ikugwa. Munthu amene wabweza bwino maulendo khumi kenako mwadzidzidzi n'kupempha katundu wochuluka katatu kuposa masiku onse ayenera kufunsidwa mafunso.

Schelling adapereka njira yothandiza pamene anthu sadakhulupirirane: kugawa mgwirizano waukulu m'zidutswa zing'onozing'ono. M'malo mokongoza matumba 10 nthawi imodzi, kuyamba ndi awiri, akabweza n'kuwonjezera. Ulendo uliwonse chimene angabe chimakhala chochepa kuposa chimene angataye m'tsogolo.

Nanga ngati awiriwo sadzakumananso? Katswiri wa mbiri ya zachuma Avner Greif adafufuza amalonda achiyuda otchedwa Maghribi, amene ankachita malonda kuzungulira nyanja ya Mediterranean m'zaka za m'ma 1000. Makalata awo adapezeka m'chipinda chosungiramo zolemba pasunagoge wina ku Cairo. Amalondawa ankatumiza katundu kutali kudzera mwa owaimirira amene sakadatha kuwayang'anira. Malinga ndi Greif, chomwe chinkathandiza kwambiri n'chakuti ankalemberana makalata, ndipo woimirira amene wabera mmodzi ankataya ntchito kwa onse.

Komiti ya msika, gulu la banki mkhonde kapena la chipereganyu limagwira ntchito yofanana. Limachititsa kuti wobera munthu mmodzi ayankhe kwa gulu lonse. Koma mphamvu imeneyi imafuna kusamala. Mbiri yabodza ikhoza kupha geni ya munthu wosalakwa, choncho komiti yabwino imamva mbali zonse ziwiri, imayang'ana kope la ngongole ndi mauthenga a pafoni, ndipo imapereka chilango chokhala ndi malire komanso njira yoti wolakwayo alipire n'kubwerera.

Kubwerera ku Lizulu

Mlimi ndi mayi aja ali ndi njira yodutsira. Mayiyo asankhe yekha dengu limodzi loti likhuthulidwe pamaso pa onse, ndipo mlimi wachilungamo sangakane. Mlimi akongoze theka la dengu m'malo mwa lathunthu, agwirizane tsiku lenileni lotumizira ndalama, ndipo wopikula wina wodziwika pamsikapo akhale mboni. Apatsane manambala, ndipo mayiyo anene tsiku limene adzabwerenso.

Ndalama ikafika pa tsiku lake, ulendo wotsatira ngongole ikhoza kukhala dengu lathunthu. Ikachedwa, mlimi aimbe foni kaye asanayambe kulengeza pamsika. Ikapanda kufika ndithu, wataya theka la dengu lokha, ndipo mboni ija ikudziwa. Pakatha miyezi ingapo zinthu zikuyenda bwino, mayiyo sadzafunikanso kukhuthula dengu, ndipo nthawi ina adzangotumiza ndalama pafoni, katundu n'kukwezedwa pagalimoto iye ali pabenchi lake m'tauni. Ndalama ya thiransipoti imene wapulumutsayo ndi phindu limene wokhuthula dengu lililonse sadzaliona.